Seal ya kutsogolo kwa giyabokosi yakana kutuluka: ndichite bwanji?

Uthenga wa sabata ino wachokera ku Kapata, muno m'Chipata:

"Amisiri, ndili ndi Hilux yakale ya injini ya 3L imene ndimanyamulira nshawa ndi soya kuchokera ku Chipangali. Mwezi watha kilatchi inayamba kuterera pokwera mtunda, ndipo pansi pa bell housing, chigoba chija chobisa kilatchi pakati pa injini ndi giyabokosi, pamadontha oyilo wonunkha. Tinatsitsa giyabokosi ndi alamu anga pakhomo. Tinamasula chivundikiro cha kutsogolo chija chokhala ndi paipi, n'kupeza seal, kamkombero kaja ka labala ndi chitsulo kotsekera oyilo, m'kati mwake. Lero ndi tsiku lachiwiri ndikulimbana nayo. Labala yense ndamuzomola ndi sikuludiraiva, chatsala ndi mkombero wachitsulo wokha, wagwira kuti gwa. Alamu akuti tiotche ndi gasi, ine ndikuopa kuononga. Nanga puleti ya kilatchi, poti idakali ndi nyama, ndingaitsuke ndi petulo n'kuibwezera? Alimi akundidikira."

Aphwanga, yambani mwaika nyundo pansi, ndipo alamuwo muwauze kuti gasi aisiye komwe ili. Nkhani ya moto ndiifika.

Ngati sikuludiraiva yanu yakhala ikuluma labala yekha, palibe chimene mwaononga. Ine sipanala ndinayamba kugwira tsitsi lili bii, lero lachita mbuu, ndipo maseal amene ndawaona akutuluka mwaulemu ndi owerengeka. Labala akakhala zaka zambiri pamalo otentha amauma ngati chikopa cha pang'oma, n'kumatirira kukhoma. Mukamukoka, mlomo wokha ndiwo umathothoka, chitsulo n'kutsala. Zimene zakuchitikiranizi ndi za masiku onse m'galaja.

Patsogolo panu pali zinthu zitatu, ziwiri zosunga, chimodzi chotaya. Seal ndi yotaya. Ipindike, ing'ambike, ituluke zidutswazidutswa, palibe amene alire. Zosunga ndi chisa chimene seal imakhalamo, ndi malo osalala aja a pa input shaft, shafiti yolowetsa mphamvu ya injini m'giyabokosi, pamene mlomo wa seal umayenda. Seal mukagula ku Down Shops ndi ndalama ya m'thumba. Koma chivundikirocho mukaching'alula muyamba kuzungulira kwa ogumula magalimoto, mwina mpaka kuitanitsa ku Lusaka, makilomita oposa 550, n'kumakadikira basi ku siteshoni. Shafiti mukaikala kwambiri ndiye giyabokosi yonse ipasulidwe. Choncho pomenya paliponse, menyani seal, ndipo muziikankhira cha pakati, kumene kuli mpata, osati kukhoma.

Mkombero watsalawo mukanaudula n'kuuyang'ana cham'mbali, mukanaona kuti uli ngati chilembo L. Mwendo umodzi wagona kukhoma la chisa, ndiwo wagwirawo. Wina waima kuloza pakati, ndiwo unanyamula labala ndi kasipiringi. Anthu ambiri amakhomera sikuludiraiva pakati pa khoma ndi mwendo wogonawo. Zimaoneka ngati nzeru, koma nsonga ya sikuludiraiva ndi yolimba kuposa khomalo, imalima kanjira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo oyilo akatentha amatsata kanjira kameneko kuseri kwa seal yatsopano ngati madzi m'ngalande.

Ine izi ndinaziphunzira ndi manyazi. Ndili kamnyamata kophunzira ntchito tinatsitsa giyabokosi ya minibasi ina ya njira ya ku Lundazi. Amisiri amene ankandiphunzitsa anapita kukadya nsima, ine n'kufuna kuti pobwera apeze ndamaliza. Ndinakhoma monga ndanenamo, seal inatuluka, ndinaona kamzere kukhoma, n'kukapukuta ndi chala, ndati aa, n'kachani aka. Sabata isanathe basi ija inabwerera, puleti yatsopano ya kilatchi itanyowa mafuta ngati chitumbuwa. Amisiri sanandikalipire. Anangondipatsa tochi n'kunena kuti ndiyang'ane m'chisamo mpaka ndione ndekha. Giyabokosi ndinaitsitsanso ndekha, mwini basi ataima pomwepo, manja ali m'chiuno.

Tsono tiyeni kuntchito. Musanaugwedeze mkomberowo, yezani kuti wakhala mwakuya bwanji kuchokera pamwamba pa chivundikiro. Ngati mulibe veniya yoyezera mamilimita, kamtengo ka machesi ndi cholembera zikwanira, ndipo jambulaninso ndi foni. Buku la Toyota limapereka muyeso wa kuya kumeneku, si kungokhomera mpaka seal igunde pansi ayi, ndiye mukachotsa yakale musanayeze mudzakhala mukungoganizira.

Kenaka tengani maginito, ngakhale a m'sipika yakufa, muwaike pa chivundikirocho. Zivundikiro zina ndi zachitsulo, zina ndi za aluminiyamu. Maginito akakana kugwira, mwayi ndi wanu, chifukwa aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo: chisa chimakula, mkombero n'kutsalira m'mbuyo. Maginito akagwira, kutentha kumathandizabe, poti kumafewetsa labala wotsalira kuseri pamodzi ndi zomatira zilizonse zimene anapakapo. Usiku wa lero chinyikeni m'dizilo kapena m'palafini. M'mawa chipukuteni, muike madzi pambaula m'poto wakale, osati wophikira amayi a kunyumba chifukwa fungo la oyilo wa giya silichoka ndipo mlandu wake sindidzakuweruzirani, muchiwiritse mphindi 15. Chivuuleni ndi pulayazi, mugwire ntchito chikadali cha moto, mutavala magulovu kapena mutachigwira ndi chiguduli chokhuthala.

Moto wofunika ndi womwewo. Lawi la gasi woweldera limapitirira madigiri 3,000, pamene aluminiyamu amasungunuka cha pa 660, ndipo sayamba wafiira kuti akuchenjezeni, mumangoona wagwa phofo ngati phala. Chivundikiro chachitsulo choumba nacho chikatentha mbali imodzi chimang'aluka pozizira. Utsi wa labala wa seal nawonso si wopuma munthu. Alamu anu akufuna kuthandiza, koma pamenepa ayi.

Chikadali chotentha, chigonekeni chafufumimba pa matabwa awiri, seal iyang'ane pansi ndipo pansi pake pakhale mpata, paipi iloze kumwamba. Pezani kachitsulo katali ka mamilimita 6 kapena 8, bawuti lalitali likhoza, mukasalaze kunsonga ndi fayilo. Kalowetseni m'paipimo mopendekera mpaka nsonga igwire mwendo uja woloza pakati. Ngati mwendowo wabisala kuseri kwa phewa la chisa, pindani nsongayo pang'ono ngati ndodo ya nkhalamba. Menyani ndi kanyundo kakang'ono, kawiri pano, kawiri tsidya, kenaka mbali ziwiri zotsalazo, kumangozungulira choncho. Mukamenya malo amodzi okha mkombero umapendekeka n'kuluma khoma kuposa kale. Tcherani khutu. Poyamba kamvekedwe kamakhala kouma, nge nge nge. Mukamva kasintha kuti thi thi, dziwani kuti wayamba kuyenda, ndipo apa m'pamene munthu amapupuluma. Musaonjezere mphamvu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zikakanika, pali njira imene ine ndimaikonda kuposa zonse pa mkombero wopanda labala ngati wanuwu. Chimene chikuugwiritsa si dzimbiri kwenikweni. Anaupanga wokulirapo pang'onong'ono kuposa chisa, ndiye ukukankha khoma mbali zonse chifukwa choti ndi wozungulira. Mukauphwanyira m'kati pamalo amodzi okha, mphamvu yonse imatha, ngati mkombero wa njinga umene wagunda chitsa. Tembenuzani chivundikiro, seal iyang'ane kumwamba. Ndi pulayazi yodulira waya, kapena kachizulo kakang'ono kakuthwa, dulani mwendo woloza pakati uja kuchokera m'mphepete mpaka pakona, osapitirira. Dulaninso pena, kutalikirana ngati kukula kwa chala. Pakati pa modula muwirimo patsala kalilime. Kalumeni mwamphamvu ndi vice grip, pulayazi ija yodzitseka yokha ikaluma, mupotokole cha pakati ngati mukukulunga chivundikiro cha chitini cha nsomba. Muona mwendo wakukhoma ukuyamba kutukuka, kampata n'kuoneka. Musathamangire kulowetsa sikuludiraiva m'kampatako. Pitirizani kupotokola mpaka mkombero upindike ngati nyemba, kenaka muunyamula ndi zala.

Ngati mukufunabe kutukula ndi sikuludiraiva, ikhale yaikulu, nsonga yake mutaibunthitsa ndi fayilo, ilowe pansi pa mwendo woloza pakati osafika kukhoma, ndipo pamene yatsamira tsidya linalo muikepo kathabwa. Kutukula pang'ono, kusuntha, kutukulanso.

Mwina mupeza kuti amene anagwirapo kale anaimata seal ndi guluu uja wa machubu awiri. Zimenezi ndazionapo kangapo pa magalimoto amene anakonzedwera panjira. Kuwiritsa kuja kumamufewetsa. Zotsalira zake palani ndi kapaipi ka kopa kophwanthitsa kunsonga kapena ndi kamtengo kolimba, osati mpeni. Koma mudzifunse kuti munthuyo anamatiranji. Kawirikawiri amakhala akubisa chilonda chimene anapanga yekha kukhoma, kapena anaika seal yochepa.

Pamene mukulimbana ndi chivundikiro, giyabokosi ija ili pambali kukamwa kuli yasa. Musaikoke shafiti cha kutsogolo, ndipo ana asaseweretse. Chivundikirocho ndicho chimagwira beringi kuti isatuluke. Shafiti ikasendera kutsogolo, timarola ta kumbuyo kwake ndi mkombero wa synchro, wothandiza giya kulowa mosakhuluza, zikhoza kuchoka m'malo n'kugwera m'kati, ndipo ntchito ya tsiku limodzi isanduka ya sabata. Iphimbeni ndi pulasitiki yoyera n'kumanga ndi lamba wa chubu, chifukwa fumbi la ku Kapata nthawi ya mphepo mukulidziwa.

Ndipatuke pang'ono chifukwa cha ena amene akuwerenga, poti si magiyabokosi onse ali ngati a Hilux. Pa ena seal imaonekera poyera m'bell housing, itazungulira shafiti, popanda chivundikiro chomasula. Pamenepo kuseri kulibe kolowera, ndiye timagwiritsa masikuluwu. Boolani mabowo awiri oyang'anana pankhope ya seal, pakatikati pa chitsulo chake, ndi kabiti ka mamilimita 2 kapena 2.5. Kabitiko kakulungeni tepi kuti kasalowe kupitirira mamilimita atatu kapena anayi, pakuti beringi ili pafupi kuseriko, ndipo kapakeni girisi kuti tizitsulo timatirire m'malo mogwera m'kati. Shafiti muiveke kapaipi ka pulasitiki kuti dirilo ikaterereka isaikale. Lowetsani masikuluwu odziboolera okha mano awiri kapena atatu basi, muwakoke mosinthanasinthana ndi pulayazi kapena ndi mphanda ya nyundo itatsamira pathabwa. Sikuluwu ikazuka, boolani pena. Koma pali mtundu wachitatu umene walizapo anthu ambiri: pa magalimoto ena ang'onoang'ono oyendera mawilo akutsogolo, seal imalowera m'kati mwa giyabokosi, kutsogolo kwake kuli phewa la aluminiyamu. Imeneyo ngakhale mukoke ndi ng'ombe situlukira kunja, mungothyola phewalo. Mukaona kuti m'mphepete mwa seal mwabisika kuseri kwa khoma, lekani, giyabokosiyo ndi yofunika kuigawa pakati, ndipo ndi ntchito ya munthu amene anaigawapo.

Tibwerere kwa inu. Mkombero ukatuluka, tsukani chisa, muunike ndi tochi, muyendetsemo chikhadabo kuzungulira. Kamzere kosaya kamakhala ndi milomo yotukuka m'mbali. Isalazeni ndi sandipepa wa 400 kapena 600, milomo yokhayo, osakumba. Poika seal yatsopano mudzapake silikoni wopirira oyilo kunja kwake, wochepa kwambiri, wongodetsa chala. Koma chilonda chakuya chodutsa khoma lonse, kapena mng'alu, chivundikirocho chatha, funani china. Yang'ananinso paipi yake pamene beringi ya kilatchi imayenda. Ngati yadyeka mpaka kupanga sitepe, pedulo imalemera ndi kugwiragwira, ndipo ndi chifukwa china chofunira china.

Tsopano funso limene simunandifunse: n'chifukwa chiyani seal inayamba kutaya? Mwina ndi ukalamba chabe, ndipo pa galimoto ya zaka zimenezo n'zotheka ndithu. Koma seal yatsopano ikapeza vuto lomwe linapha yakale, nayonso siikhalitsa, ndiye fufuzani giyabokosi idakali pansi.

Yambani ndi shafiti. Pamene mlomo wa seal umayenda muona kamzere konyezimira. Yendetsanipo chikhadabo. Ngati sichikukodwa, pukutani ndi sandipepa wa 600 wonyowetsa ndi oyilo, mozungulira shafiti, osati motsata utali wake, chifukwa timizere totsata utali timatulutsa oyilo. Ngati chikhadabo chikukodwa, pakumbika kangalande, ndipo mlomo watsopano ukakhala momwemo udontha. Njira yotchipa ndi kuika seal yatsopano mosiyana ndi yakale ndi milimita imodzi kuti mlomo uyende pamalo atsopano, ngati chisa chili ndi malo. Njira ina ndi kachipewa kopyapyala kachitsulo kovekera pashafiti, kamene a SKF amakatcha Speedi-Sleeve. Kameneko kamafuna muyeso weniweni wa shafiti ndi dzanja lozolowera, ndiye pitani nayo kwa odziwa.

Kenaka gwirani nsonga ya shafiti muigwedeze. Kugwedera pang'ono m'mbali kusakuopseni, chifukwa giyabokosi ikakhala pansi nsongayo ilibe potsamira; pagalimoto imalowa m'kaberingi kakang'ono ka kumbuyo kwa crankshaft. Choopsa ndi kulowa ndi kutuluka, kapena kumva ngati muli mchenga mukaizungulitsa ndi dzanja. Kumbukiraninso mmene galimoto inkamvekera. Ngati inkalira ili pa nyutulo, n'kukhala chete mukaponda kilatchi, maberingi a m'giyabokosi atopa, ndipo shafiti yovina imatafuna seal iliyonse. Kaberingi ka ku crankshaft kaja kaikeni chala mukazungulitse. Kakakhala kouma, kokhakhala, kapena kogwedera, kasintheni. Ndi kotchipa, koma kakafa shafiti imayenda mopepeluka.

Oyilo munaukhetsa uja unali wotani? Ngati unali ngati tiyi wamkaka, munalowa madzi pooloka mitsinje dzinja lapitali. Ngati pa bawuti yokhetsera panali phala lotuwa losalala, ndi kutha kwa masiku onse. Koma tizidutswa tomveka kuzala, kapena tonyezimira ngati golide, ndi mano a magiya ndi masynchro, ndipo pamenepo seal ndi nkhani yaing'ono. Nanga unali wochuluka bwanji? Muyeso ndi pakamwa pa bowo lothirira, galimoto itaima pamalo athyathyathya. Ena amathirira poloweza giya liva mpaka mtima wawo utakhutira, oyilo n'kumiza seal. Ngati yanu ndi ya 4x4, onaninso transfer case, kabokosi ka kumbuyo kwa giyabokosi kogawira mphamvu mawilo onse anayi: ikapezeka yachepekedwa pamene giyabokosi yasefukira, seal ya pakati pa ziwirizi ndiyo ikudutsitsa. Pomaliza funani popumira giyabokosi cha pamwamba pake, mupatsuke. Matope a njira za kumidzi akapatseka, mpweya wotentha m'kati umasowa kotulukira, umakankha oyilo pa seal yofooka.

Kutentha komweko kumachokeranso ku kayendetsedwe. Mukasenza matumba mpaka masipiringi kugona, musakwere mtunda ndi giya faifi. Pa magiyabokosi amenewa giya folo ndiyo imadutsitsa mphamvu molunjika kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, pamene faifi imazungulira pa timagiya tating'ono ta kumapeto, n'kumatenthetsa oyilo.

Pokagula seal nyamulani chivundikirocho, komanso zidutswa za labala wakale ngati manambala akuwerengeka. Pa maseal ambiri amalemba manambala atatu m'mamilimita: bowo la m'kati, kukula kwa kunja, ndi kuchindikala. Onse atatu afanane, osalola zoti "iyi imalowanso". Ngati pali kamuvi, kakusonyeza kumene shafiti iyenera kuzungulira, chifukwa pamlomo pali timizere tobweza oyilo m'kati. Yanu, mukaima kutsogolo n'kuyang'ana giyabokosi, imazungulira ngati mivi ya wotchi. Mukaika ya kamuvi kosemphana imapopera oyilo kunja. Labala wamba wa nitrile amapirira madigiri cha m'ma 100, wa Viton cha m'ma 200, n'chifukwa chake mitengo imasiyana. Ipindeni mlomo pang'ono ndi chala: ukhale wofewa, wakuthwa, wopanda ming'alu, kasipiringi kali m'malo. Bokosi lokongola lisakunyengeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa ntchito yotsitsa giyabokosi ine ndimagula yeniyeni ya Toyota kapena ya kampani yodziwika monga NOK, ngakhale idule katatu. Ikasowa m'tauni, Lilongwe ili pafupi kudzera pa Mwami kuposa Lusaka, koma tumani munthu ndi manambala olemba papepala, osati ongouzidwa pakamwa.

Kuika n'kosavuta, koma pali pamodzi pamene anthu amasokonezeka. Mbali yotseguka, yooneka kasipiringi, iyang'ane kumene kuli oyilo, ndiko kuti ku giyabokosi. Mukamaikhoma m'chivundikiro, kasipiringiko kakhale kakuyang'anani inuyo. Dzazani girisi pang'ono m'mphako ya kasipiringi kuti kasadumphe pomenya. Pezani soketi kapena paipi yogunda m'mphepete mwenimweni mwa seal, yocheperako pang'ono kuposa chisa, mumenye pang'onopang'ono, mukuyang'ana kuti ikulowa mofanana mbali zonse, mpaka pa muyeso munalemba uja. Ikayamba kupendekeka, itulutseni muyambirenso. Ikapindika, gulani ina. Pakani oyilo pamlomo wake. Mano a shafiti akulungeni ndi tepi kapena kapulasitiki kopyapyala musanalowetse chivundikiro, chifukwa ndi akuthwa, amacheka mlomo inu osaona. Ngati kuseri kwa chivundikiro kuli kanjira kobwezera oyilo, kagwirizane ndi bowo lake ndipo silikoni asakatseke. Pamene panali gasiketi bwezeranipo gasiketi. Mabawuti ake apakeni silikoni pang'ono m'mano, poti ena amatulukira m'kati mwa oyilo, ndipo muwamange mopingasa ndi sipanala yaifupi. Ndi ang'onoang'ono, sachedwa kuduka.

Musanakweze, thirani oyilo, 75W-90 wa GL-4 kapena GL-5 monga Toyota amanenera pa magiyabokosi amenewa, mutsamiritse giyabokosi mphuno ili chapansi pang'ono, mugone. M'mawa mukapeza m'paipi muli gwaa, kwezani. Oyilo wokhuthala wa 140 amene ena amathira kuti kudontha kuchepe musamuyese. M'mawa wa mu June giya sekondi mudzachita kuipempha.

Za puleti ya kilatchi, yankho ndi ayi. Ndikudziwa kuti ndalama yake ikupweteka pamene simunayambe n'kunyamula komwe. Koma nyama ija imamwa oyilo mpaka m'kati. Petulo amatsuka pamwamba, puleti n'kuoneka youma, ndipo masiku awiri oyamba mudzati amisiri aja amanama. Ikangotentha pamtunda mutasenza, oyilo wa m'kati amatuluka ngati thukuta, kuterera kumayambiranso, kunjenjemera ponyamuka, ndipo kutentha kwake kumaotcha flywheel ndi pressure plate, zitsulo ziwiri zopana puletiyo, zimene lero zili bwino. Ena amaiotcha pamoto kuti oyilo atuluke. Akatero amaotchanso zomatira za nyamayo, imadzasweka panjira. Gulani puleti yatsopano. Flywheel ndi pressure plate ndi zitsulo, zimenezo tsukani ndi brake cleaner kapena thinazi. Mukaona mabala abuluu kapena timing'alu pa flywheel, ipititseni kwa a lathe, osema zitsulo pa makina, akaisenge. Beringi ya kilatchi sinthirani limodzi. Fumbi lakuda la m'bell housing musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, lipukuteni ndi nsanza yonyowa, pakuti mapuleti ena amakhala ndi asbestos amene amaononga mapapo.

Poti mwafika kale pamenepo, suzumirani kuseri kwa flywheel. Mwanena kuti oyilo anali wonunkha, ndipo fungo la mazira oola ndi la oyilo wa giya ndithu. Wa injini ya dizilo amakhala wakuda bii, wopanda fungo limenelo. Koma nthawi zina amadontha onse awiri. Kuseri kwa flywheel kukakhala konyowa ndi wakuda, seal ya crankshaft nayo isinthidwe lero lomwe, kusiyana n'kudzatsitsanso giyabokosi mwezi wamawa.

Pokweza, galimoto ikhale pa masitandi kapena pa zipika zamtengo zokhuthala, mawilo atatsekedwa ndi miyala. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo jeke yokha si yogonera pansi pake. Puleti muilunjike pakati ndi shafiti yakale kapena ndodo yokulunga tepi. Pa mano a shafiti girisi akhale wongonyezimiritsa, wambiri amawazikira pa puleti yatsopano. Giyabokosi ilowe yokha mpaka igunde injini. Ikatsala ndi mpata wa chala, musaikoke ndi mabawuti, ndipo musaisiye ikulendewera pa puleti. Ikani giya, alamu azungulitse shafiti ya kumbuyo pang'ono uku inu mukugwedeza, mano akumana.

Zimene mungathe pakhomo ndi zimenezi. Koma mukapeza chimodzi mwa izi, kwezani giyabokosi pa ngolo kapena pa kabaza wa katundu mupite nayo kwa wodziwa magiyabokosi: shafiti yolowa ndi kutuluka, tizidutswa tachitsulo mu oyilo, kangalande kakuya pashafiti, kapena ngati shafiti yasendera kale kutsogolo ndipo tsopano ikukana kubwerera kapena kuzungulira bwino. Mkombero nawonso ukakanabe mutawiritsa kawiri ndi kuudula, chivundikirocho chimakwana m'jumbo. Pitani nacho kwa a lathe, akauchotsa mukudikira. Mukatero mutenge ndi seal yatsopano yomwe, akakulowetsereni pa puresi, ndipo kamtengo ka machesi kaja musakaiwale kunyumba.